Kuwerengera anamwino ofunika m'wodi ndi kukonza dongosolo lowakweza pantchito

Wodi imene pabuku la ku ofesi ili ndi anamwino 20 ikhoza kupezeka ndi awiri okha usiku, odwala ali 30. Palibe amene wajomba. Atatu ali patchuthi, ena ali ofu chifukwa agwira usana, wina ali kusukulu, wina wadwala, ndipo uja ankaidziwa ntchito kuposa onse anakwezedwa mwezi watha, pano akukhala ku ofesi. Zoterezi zimabwera chifukwa chowerenga mayina m'malo mowerenga maola, komanso chifukwa chakuti okonza chiwerengero cha anamwino ndi okonza zokweza anthu sakhalira pamodzi. Malangizowa ndi a matroni, mainichaji a mawodi ndi aliyense amene amasainira rosita, ndandanda ya mashifiti a anamwino. Manambala a m'chitsanzo ndi ongoonetsera mmene masamu ake amayendera. Inu muikepo a chipatala chanu.

Gawo loyamba: werengani odwala ndi kulemera kwa ntchito yawo

Bedi lopanda munthu silifuna namwino, koma wodwala amene wasowa bedi amafunabe namwino. Choncho werengani odwala enieni tsiku ndi tsiku kwa masabata osachepera 4, kuphatikizapo Loweruka ndi Lamlungu. Ngati pali nyengo imene odwala amachuluka pachaka, mubwerezenso kuwerenga nyengo imeneyo.

Kuwerenga kwa pakati pa usiku kokha kumanamiza. Munthu amene wagonekedwa m'mawa n'kutulutsidwa madzulo sapezeka pa chiwerengero chimenecho, chonsecho kumulandira, kumuyeza, kumutsegulira faelo, kumuika kanula ndi kumulongosolera za mankhwala potuluka zadya nthawi yambiri. Lembani padera olowa, otuluka, osamutsidwa ndi omwalira pa shifiti iliyonse.

Kenako gawani odwalawo m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la amene amadya, kusamba ndi kupita kuchimbudzi okha, ongofuna mankhwala ndi kuyezedwa. Lachiwiri ndi la ofuna kuthandizidwa: ali pa dripi, ali ndi bala lotsuka, sangadzuke popanda wowagwira. Lachitatu ndi la odalira namwino pa chilichonse, monga ali pa okosijeni, angotuluka kumene ku thiyeta, osokonezeka mutu, kapena ofunika kutembenuzidwa pafupipafupi kuti asachite zilonda zogonera. Zizindikiro za gulu lililonse zilembedwe pa pepala limodzi, momveka bwino moti anamwino awiri osakambirana akhoza kumuika wodwala m'gulu lofanana. Mukapanda kutero, wodi iliyonse idzakankhira odwala ake ku gulu lachitatu ikangodziwa kuti kuwerengaku kubweretsa anthu.

Kuti mudziwe maola amene gulu lililonse limadya, namwino wodziwa ntchito wochokera ku wodi ina aime ndi wotchi, aone ntchito ikugwiridwa. Apa pali msampha. Mukayeza nthawi pa tsiku limene anthu akuchepa, mudzalemba nthawi ya ntchito yodulira: bala lotsukidwa mothamanga, mankhwala operekedwa popanda kumufotokozera wodwala. Nthawi imeneyo mukaitenga ngati muyezo, ndiye kuti mwavomereza kuperewerako kukhala lamulo. Yezani ntchito yogwiridwa monga mmene iyenera kugwiridwira, kuyambira kusamba m'manja mpaka kulemba m'faelo.

Tiyerekeze wodi ya mabedi 30 imene kawirikawiri imakhala ndi odwala 27. A gulu loyamba ndi 10, aliyense maola 2 pa tsiku: maola 20. A gulu lachiwiri ndi 12, aliyense maola 4: maola 48. A gulu lachitatu ndi 5, aliyense maola 7: maola 35. Pamodzi ndi maola 103 pa tsiku, ndipo pa masiku 365 ndi maola 37,595.

Gawo lachiwiri: namwino mmodzi amapezeka maola angati pachaka

Apa ndi pamene mapulani ambiri amagwera. Wogwira masiku 5 pa sabata ali ndi masiku 260 pachaka. Chotsanipo tchuthi cha pachaka, masiku a holide, masiku odwala ndi a maphunziro. Musalote manambalawa; tengani mabuku a chaka chatha muone zimene zinachitikadi. M'chitsanzo chathu tchuthi ndi masiku 24, holide 12, kudwala 8, maphunziro ndi misonkhano ya kunja 6. Achoka masiku 50, atsala 210. Pa maola 8 pa tsiku, namwino mmodzi amapereka maola 1,680 pachaka.

Tsono onani ichi. Malo amodzi ofunika munthu usana ndi usiku chaka chonse amadya maola 8,760. Mukagawa ndi 1,680 mupeza 5.2. Kuti pa shifiti iliyonse pakhale namwino mmodzi woonjezera, muyenera kulemba anthu oposa 5. Nambala imeneyi muziinyamula pamtima popita ku msonkhano wa bajeti, chifukwa akakupatsani anamwino awiri ena adzayembekezera kuona awiri owonjezera pa shifiti iliyonse.

Tchuthi cha uchembere ndi sukulu yaitali muziwerengere padera. Wopita kusukulu zaka ziwiri dzina lake likadali pa wodi, koma maola ake ndi ziro.

Gawo lachitatu: masamu ake

Gawani maola a odwala ndi maola a namwino mmodzi: 37,595 kugawa ndi 1,680 ndi 22.4. Koma namwino sakhala pambali pa bedi shifiti yonse. Pali kupatsirana lipoti posinthana, kuyenda ndi madokotala pa raundi, kuwerenga mankhwala a m'kabati yokhoma, kuitanitsa zipangizo, kukonza tolole ya zadzidzidzi. Ngati zimenezi zimadya 15 peresenti ya nthawi ya aliyense, nthawi yotsalira odwala ndi 85 peresenti. Gawani 22.4 ndi 0.85, mupeza 26.4. Ambiri amalakwitsa pochulukitsa ndi 1.15, kusiyana kwake kumaoneka kochepa pa wodi imodzi, koma pa chipatala chonse kumakwana anthu angapo. Onjezani inichaji, amene nthawi yake yambiri imathera pa kuyang'anira, ndipo wodi yathu ikufuna anamwino 27.

Kawerengedwe aka ndi kamene kali pa maziko a njira ya WISN yowerengera ogwira ntchito zaumoyo ofunika malinga ndi kuchuluka kwa ntchito, imene bungwe la World Health Organization linatulutsa mu 1998 n'kuikonzanso mu 2010. Njirayi imapereka manambala awiri othandiza. Yoyamba ndi kusiyana: ngati alipo 18 pamene ofunika ndi 27, akuperewera 9. Yachiwiri ndi kugawa amene alipo ndi ofunika: 18 kugawa ndi 27 ndi 0.67. Nambala yachiwiriyi ndi imene imathandiza pamene anthu ndi ochepa chipatala chonse. Wodi imene ili pa 0.5 iyambe kulandira munthu watsopano isanalandire imene ili pa 0.8, ngakhale inichaji wa yachiwiriyo ali wodziwa kudandaula.

Gawo lachinayi: kugawa anthu m'mashifiti

Maola 103 kugawa ndi 0.85 ndi maola 121 pa tsiku, kapena kuti mashifiti 15 a maola 8. Musawagawe mofanana. M'mawa muli kusambitsa, raundi, kutsuka mabala ndi kupititsa anthu ku thiyeta, choncho mukhoza kuika 6 m'mawa, 5 masana, 4 usiku. Yang'anani m'buku la olowa: ngati odwala ambiri amafika madzulo kuchokera ku chipinda cha zangozi, sunthirani munthu mmodzi kumeneko.

Mukatero, yerekezani zimene mwapeza ndi miyezo imene ena anaikhazikitsa. Ku California, m'dziko la America, lamulo la 1999, limene linayamba kugwira ntchito mu 2004, limati namwino mmodzi asapitirire odwala 2 ku ICU (wodi ya odwala mwakayakaya), ndipo m'mawodi wamba a akuluakulu malire ndi odwala 5. Ku Queensland, m'dziko la Australia, kuyambira 2016, m'mawodi otere ndi odwala 4 m'mawa ndi masana, 7 usiku. Bungwe la NICE, limene limapereka malangizo a zaumoyo ku England, linanena mu 2014 kuti namwino akamasamalira odwala oposa 8 masana, chiopsezo kwa odwala chimakwera. Manambalawa sangakopedwe mwachimbulimbuli, pakuti ntchito ya namwino imasiyana malinga ndi othandizira amene alipo, koma masamu anu akakupatsani namwino mmodzi pa odwala 20, dziwani kuti mwina munayeza ntchito yodulira ija.

Nkhaniyi ndi ya moyo ndi imfa. Kafukufuku wa Linda Aiken ndi anzake wa 2002, m'zipatala 168 za ku Pennsylvania ku America, anapeza kuti wodwala mmodzi aliyense woonjezera pa namwino ankakweza ndi 7 peresenti mpata woti wodwala wochitidwa opaleshoni amwalire pasanathe masiku 30. Kafukufuku wina wa 2014, m'zipatala 300 za m'mayiko 9 a ku Europe, anapeza zofanana. Ikani zimenezi m'kalata yopempha anthu.

Chiwerengero chokha sichikwanira. Anamwino 4 a usiku amene onse angomaliza kumene sukulu si ofanana ndi 4 amene mmodzi wa iwo wakhala pa wodiyo zaka zambiri. Pa shifiti iliyonse pakhale munthu mmodzi wotha kuzindikira wodwala amene akuyamba kufooka n'kuitana dokotala nthawi isanathe. Ophunzira asawerengedwe pa chiwerengero, ndipo wobwera kumene, m'masabata ake oyamba, amadya nthawi ya womuphunzitsa. Ngakhale wodi ichepe bwanji, pasakhale namwino mmodzi yekha: akaperekeza wodwala kapena akayamba kutsitsimutsa amene mtima waima, ena onse atsala opanda munthu.

Gawo lachisanu: rosita

Itulutseni masabata 4 kapena 6 isanayambe, kuti anthu akonze za kunyumba. Pakati pa shifiti ndi inzake pakhale maola osachepera 11. Wogwira masana mpaka usiku asabwerenso m'mamawa. Mausiku otsatizana asapitirire 3 kapena 4, ndipo akatha munthu apumule mokwanira asanabwerere ku usana. Loweruka, Lamlungu ndi maholide muzilemba pa tchati chooneka ndi onse, chifukwa palibe chimene chimawononga mtendere wa wodi msanga ngati kuganiza kuti wina amakonderedwa pa rosita.

Tchuthi chimafuna masamu akeake. Anamwino 27, aliyense masiku 24, ndi masiku 648. Kugawa ndi masiku 260 a ntchito, mupeza 2.5. Ndiye kuti sabata iliyonse ya chaka, anthu 2 kapena 3 ayenera kukhala patchuthi. Mukalola kuti miyezi yoyambirira ipite wopanda wopuma, kumapeto kwa chaka mudzakhala ndi anthu 6 ofuna kuchoka nthawi imodzi, onse ali ndi ufulu wotero.

Ovataimu ndi lokamu (kulipira munthu kuti agwire shifiti yosowa munthu) n'zotsekera mpata wadzidzidzi. Zikakhala za mwezi ndi mwezi, phatikizani maola ake pachaka, mugawe ndi 1,680, muone kuti ndi anamwino angati amene mukulipira kale popanda kuwalemba ntchito.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: kuona tsiku lililonse

Pulani ya pachaka siidziwa kuti lero kwachitika ngozi ya pamsewu. M'mawa uliwonse, ndi madzulonso, mainichaji apereke kwa matroni manambala atatu: odwala, angati ali m'gulu lachitatu, ndi anamwino amene afikadi. Gwirizanani pasadakhale zizindikiro zoti zinthu zafika poipa. Zimene NICE inatchula ndi zothandiza kuyambirapo: mankhwala olembedwa osaperekedwa, wodwala kudikira mankhwala opha ululu kupitirira mphindi 30, kuyeza kwa nthawi ndi nthawi kudumphidwa, ndi kupezeka anamwino ochepera awiri pa shifiti. Lembaninso zochita chizindikiro chikaoneka: ndani aimbiridwe foni, wodi iti ibwereke munthu, ntchito iti idikire, ndipo ndani ali ndi mphamvu yoimitsa kugoneka odwala osafulumira. Wobwerekedwa apatsidwe odwala a gulu loyamba ndi lachiwiri, chifukwa wodiyo saidziwa.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: makwerero awiri okwezera anthu

Chipatala chimene njira yokha yokwerera ndi kukhala inichaji chimadzilanda chokha anamwino ake abwino. Wodziwa kusamalira wodwala wovutika amatengedwa n'kupatsidwa rosita, malipoti ndi misonkhano, mwinanso ntchito imene saikonda n'komwe, ndipo wodi yataya maola 1,680 a munthu wodalirika kwambiri. Konzani makwerero awiri. Ena akwere m'njira ya utsogoleri: wachiwiri kwa inichaji, inichaji, matroni. Ena akwere giredi ndi malipiro ali pambali pa bedi pomwepo, ngati katswiri wa mabala, wa odwala kwambiri, wa kupewa matenda opatsirana, kapena wophunzitsa anzake. Magiredi a mbali ziwirizi azifanana malipiro, apo ayi onse adzathamangirabe ku ofesi.

Pokonza masitepe a njira ya pa bedi, mukhoza kutsamira pa magawo asanu amene Patricia Benner, mphunzitsi wa unamwino wa ku America, anafotokoza m'zaka za m'ma 1980: woyamba kumene, woyamba kuzolowera, wokhoza, wodziwa bwino, ndi katswiri. Iye anaona kuti kufika pa wokhoza kumatenga zaka ziwiri kapena zitatu pa ntchito ya mtundu umodzi. Katswiri wa wodi ya ana akasamutsidwira ku thiyeta amayambiranso pansi, choncho kusinthasintha anthu mawodi chaka ndi chaka kumachedwetsa kukula kwawo.

Pa giredi iliyonse lembani zinthu zinayi: maphunziro ofunika, zaka zochepetsetsa pa giredi ya m'munsi, luso limene munthu ayenera kuonetsa, ndi umboni wake. Zaka zikhale chitseko cholowera basi. Zikakhala zokhazo zopatsa mamalikisi, wakhama amaona kuti khama lake lilibe phindu, ndipo amayamba kufunafuna ntchito kwina. Luso lilembedwe mooneka ndi maso. Mawu akuti "wolimbikira" kapena "waulemu" aliyense amawamasulira mwake. Koma "watsogolera shifiti ya usiku popanda womuyang'anira", "waphunzitsa obwera kumene awiri mpaka kumaliza", "anafufuza chifukwa chimene odwala ankagwera pa bedi n'kusintha kachitidwe" ndi zinthu zimene zikhoza kutsimikizidwa.

Gawo lachisanu ndi chitatu: kusankha

Malo akapezeka, alengezedwe kwa onse oyenera, kwa masabata osachepera awiri, ndipo uthenga ufike kwa a usiku, a patchuthi ndi amene ali ku uchembere. Mamalikisi agawidwe mafomu asanatsegulidwe, mwachitsanzo 40 pa luso ndi umboni wake, 25 pa malipoti a kagwiridwe ka ntchito a zaka ziwiri zapitazo, 20 pa intavyu, 15 pa maphunziro owonjezera. Intavyu isalemere kuposa zonse, chifukwa wodziwa kulankhula si nthawi zonse amene amadziwa ntchito.

Komiti ikhale ya anthu osachepera atatu, mmodzi wochokera kunja kwa dipatimentiyo ndi wina wa ofesi yoona za ogwira ntchito. Amene ali pachibale kapena pa mkangano ndi wopikisana anene poyera n'kutuluka. Mafunso akhale omwewo kwa onse, ndipo akhale a ntchito yeniyeni: "Ndi 2 koloko usiku, muli awiri, wodwala wina akupuma movutikira, wina wazula dripi, foni ikulira kuti kukubwera wina. Muyamba ndi chiyani, ndipo muitana ndani?" Aliyense wa m'komiti alembe mamalikisi ake payekha asanakambirane, chifukwa wamkulu akayamba kulankhula, ena amangovomereza. Mapepala onse asungidwe.

Malipoti a kagwiridwe ka ntchito amafuna diso. Inichaji amaona kwambiri anthu a usana, ndipo wogwira usiku nthawi zambiri amapatsidwa mamalikisi a pakatikati chifukwa choti sanaonedwe. Funsani maganizo a otsogolera mashifiti a usiku. Kamodzi pachaka yalani mayina a onse amene anakwezedwa, muone ngati pali wodi, shifiti kapena gulu la anthu limene limangotsalira.

Amene sanasankhidwe auzidwe pamasom'pamaso chimene chinaperewera ndi mmene angachikonzere, pasanathe masabata awiri. Pakhalenso njira yodandaulira kwa anthu amene sanali m'komitiyo, ndi masiku ake odziwika. Masabata otsatira zotsatira za intavyu ndi pamene anthu abwino amalemba makalata osiya ntchito, makamaka akangomva zotsatirazo m'makonde.

Kugwirizira udindo kukhale ndi malire olembedwa, monga miyezi 6, ndi alawansi yake. Munthu wogwirizira zaka ziwiri, kenako malowo n'kupatsidwa wina, mwamupweteka iye ndipo mwagawanitsa wodi. Ngati oyenera ndi angapo, agwirizire mosinthana kuti onse akhale ndi umboni wokaonetsa.

Gawo lomaliza: kulumikiza ziwirizi

Kalata yokweza munthu isasainidwe popanda yankho la funso ili: maola ake a pa bedi atenga ndani, ndipo kuyambira liti? Bwererani ku masamu a gawo lachitatu, muchotse munthuyo, muone nambala ya wodi yatsika kufika pati. Ngati mukukweza anthu angapo a wodi imodzi, siyanitsani masiku oyambira, kuti mashifiti a usiku asatsale opanda wodziwa. Wokwezedwa kukhala inichaji aphunzitsidwe kulemba rosita, kuwerenga bajeti, kudzudzula mnzake mwachinsinsi ndi kufufuza pakachitika cholakwika, ndipo miyezi yoyamba akhale ndi inichaji wakale womufunsa nzeru.

Sungani tchati chimodzi cha zaka zitatu zikubwerazi, chosonyeza opuma pantchito, obwerera kuchokera kusukulu, oyembekezeka kupita kusukulu ndi ofika pa zaka zoyenera kukwezedwa. Onjezanipo chiwerengero cha osiya ntchito: ngati mwa anthu 27 chaka chatha anachoka 4, konzekerani kulemba 4 chaka chino kungoti mukhale pomwe munali. Namwino amatenga zaka zitatu kapena zinayi kuti aphunzitsidwe, ndipo katswiri wa ICU kapena wa thiyeta amafuna nthawi ina pamwamba pake, choncho wolowa m'malo mwa amene apume pantchito m'zaka 2 kapena 3 zikubwerazi ayambe kukonzedwa tsopano. Kuwerenga odwala kwa masabata 4 kuja kubwerezedwe miyezi 6 iliyonse, komanso nthawi iliyonse imene wodi yaonjezera mabedi, yayamba kulandira odwala a mtundu wina, kapena masiku ochitira opaleshoni achuluka.